Nyimbo Imafuna Wovomera

Amayi anga anasiya kuimba m'chaka cha 1987. Kulankhula sanasiye ayi. Ankatituma kukatunga madzi, ankatikalipira tikamaseweretsa moto, mlendo akafika ankamulonjera mwaulemu monga mwa kwathu. Koma nyimbo inachoka pakamwa pawo monga umachokera usipa pagombe nyengo ikatembenuka, osatsanzika. Mayi amene ankati akayambitsa chiwoda anthu a midzi yoyandikana n'kudziwiratu kuti ndi iwowo, anatha zaka 7 osaimba ngakhale kanyimbo kotonthozera mwana.

Kwathu ndi m'mbali mwa nyanja, m'boma la Lago, chigawo cha Niassa, kufupi ndi Kobwe, komwe pamapu amalemba kuti Cóbuè. Kumbuyo kwathu kuli mapiri, kumaso kuli madzi, ndipo pamadzipo, pamtunda woti munthu wamphamvu akalawira ndi bwato amafika dzuwa lisanatenthe, pali chilumba cha Likoma. Ife ndi a pa Likoma ndife amodzi. Chinyanja ndi chomwecho, kondowole ndi yemweyo, mapemphero ndi omwewo a Anglican amene amishoni a UMCA anabwera nawo atakhazikika pachilumbapo mu 1885, n'kufika nawo ku Msumba ndi midzi ina ya tsidya lino. Malire a Malawi ndi Mozambique anadutsa pamadzi, koma maukwati ndi maliro sanawaone malirewo.

Ndinali ndi zaka 9 usiku umene anthu a mfuti anatsika kuchokera kumapiri. Kulira kwa mfuti ndinakuiwala pang'ono ndi pang'ono, koma bata limene linatsatira lidakali m'makutu mwanga. Malume anatilowetsa m'bwato, nkhafi akuiviika mwakachetechete kuti madzi asamveke. Mlongo wanga wamng'ono anayamba kulira, amayi n'kumutseka pakamwa ndi chikhatho, ndipo dzanja lawo silinachoke pamenepo mpaka tinaona milambe ya pa Likoma kukucha. Bambo sanafike pabwato. Msuweni wanga, mnyamata wa zaka 13 amene ankandiphunzitsa kuika nyambo kumbedza, anamutenga usiku womwewo atamusenzetsa thumba la ufa.

Usiku umenewo thupi la amayi linaphunzira kuti mawu amaphetsa. Thupi likaphunzira chinthu mwa mantha, silimva msanga ukaliuza kuti zija zinatha.

Pa Likoma anatilandira achibale. Agogo anga aakazi ankati kwa iwo aka kanali kachiwiri kuthawa. Mu Sepitembala 1964, pamene Frelimo inayamba nkhondo yomenyera ufulu, Kobwe anali amodzi mwa malo oyamba kumene mfuti inalira, ndipo m'miyezi yotsatira anthu zikwizikwi a m'mbali mwa nyanja anathawira pa Likoma ndi ku Tanzania. Wansembe wa ku Msumba wa masiku amenewo, John Paul, analemba zimene anaona m'buku lomwe linatuluka mu 1975, chaka chimene dziko linalandira ufulu. Anthu anabwerera, anafolera nyumba, anabzala chinangwa. Ana obadwa atabwerera asanadziwe n'kupalasa komwe, inabuka nkhondo ina, yapachiweniweni, pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo. Inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo Malawi yekha anasunga othawa oposa 1 miliyoni. M'chiwerengero chimenecho munali ife asanu, m'kanyumba kamodzi kobwereka.

Lamulungu lililonse tinkapita ku St Peter's, tchalitchi chachikulu chija anayamba kumanga mu 1903. M'menemo nyimbo ikayamba imakwera m'mwamba n'kubwerera kwa inu ngati mafunde. Amayi ankakhala kumbali ya amayi anzawo, buku la nyimbo lili m'manja, chala chikutsata mizere, milomo ili yotseka. Ine ndili kumbali ya abambo ndinkasuzumira, kudikira kuti mwina lero. Usiku mwera ukagunditsa chitseko ankadzidzimuka n'kukhala tsonga mpaka mbandakucha. Anthu ankangoti, "Mtima wawo sunawoloke, unatsala tsidya lija."

Pa 4 Okutobala 1992, ku Rome, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana mtendere, a gulu la Sant'Egidio ali pakati. Ife tinabwerera chaka chotsatira mvula itatha. Mudzi tinaupeza uli tchire, chongotidziwitsa pakhomo pathu inali mitengo ya mango. Tchalitchi chachikulu cha Katolika cha pa Kobwe chinali chiimire chopanda denga. Dziko lathu silinakhazikitse bwalo loti anthu akaulule ndi kumva zimene zinachitika, longa lija anadzatsogolera Desmond Tutu ku South Africa. Nyumba ya malamulo inakhululukira milandu ya nkhondo, ndipo ntchito yeniyeni yokhaliranso limodzi inatsalira ife: pathandala poyanika usipa, pachitsime, pamaliro, pamene wofedwa ndi wobwera kutchire ankayenera kukhala pamphasa imodzi.

Msuweni wanga anatulukira mu 1994, asilikali a mbali zonse akuwabweza kwawo. Anachoka ali mwana, anabwera ali ndi ndevu. Akuluakulu sanamulole kulowa m'nyumba tsiku lomwelo. Zovala zimene anabwera nazo anazitentha, m'mamawa anapita naye kunyanja kukamusambitsa ndi mankhwala, namuuza kuti potuluka m'madzi asacheuke. Kenako ansembe anamupempherera. "Za kutchire zatsala kutchire," anatero malume. Miyambo yotereyi inachitika m'madera ambiri a Mozambique, ndipo Alcinda Honwana, wophunzira wa m'dziko lathu lomweli, analemba zambiri za mmene inathandizira ana amene anawagwiritsa mfuti kuti alandiridwenso.

Mwambowo unamutsegulira chitseko, koma iye sanathe kulowa. Ankakhala yekha pansi pa mtengo, nsana atatsamiritsa, maso ali kunjira yochokera kumapiri. Manja ankamunjenjemera. Asodzi sankafuna kupita naye usiku kukaponya chilimila, ana ankamulambalala. Amayi ankamupatsa moni maso ali pansi. Ankadziwa bwino kuti iye anali mwana wogwidwa, wosalakwa pa imfa ya bambo, koma akamuona ankaona usiku uja. Choncho pamudzi pathu panali anthu awiri amene nkhondo inawatsekera m'kati, wina pakhonde, wina pansi pa mtengo, mtunda wa mapazi makumi atatu okha.

M'chilimwe cha chaka chimenecho akuluakulu anati mganda udzuke. Amene sanauonepo mganda wa kunyanja, ndimufotokozere. Amuna amavala malaya oyera ndi makabudula, masokosi ofika m'mawondo, n'kuima m'mizere ngati asilikali pa perete. Pali ng'oma yaikulu ndi yaing'ono, wenzulo, ndi malipenga a zikho zazitali zimene kukabowo kake amamatako nembanemba ya kangaude, kuti munthu akaimbiramo mawu atuluke onjenjemera ngati lipenga la mkuwa. Gulu lovina limatchedwa boma, ndipo limakhala ndi maudindo ake, kingi, kapitawo, dokotala. Gule ameneyu ndi m'bale wake wa malipenga a ku Nkhata Bay ndi pa Likoma ndiponso beni wa Ayao. Anafalikira nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, makolo athu ataona perete ndi mabandi a asilikali a atsamunda, ena atasenza okha katundu wa nkhondoyo. Anatenga chinthu chimene chinawazunza n'kuchisandutsa chovina, chopikisana nacho mudzi ndi mudzi. Mganda ndi mwana wa nkhondo amene anakana ntchito ya bambo wake.

Woimba ng'oma yaikulu wa kale anamwalirira kothawa. Kingi wa boma lathu, nkhalamba imene inavina mganda Apwitikizi adakalipo, anayenda ndi ndodo yake mpaka pansi pa mtengo paja. "Iwe mdzukulu wanga, dzuka. Manja amenewo akunjenjemera chifukwa alibe chogwira." Ena anadandaula, koma nkhalambayo sinabweze mawu.

Masiku oyamba zinali zovuta. Msuweni wanga ankaimenya ng'oma ngati akulimbana nayo, mothamanga, mwaukali, mpaka mizere kusokonekera, mapazi kuphonyana. Kingi ankaliza wenzulo, onse n'kuima. Sankamukalipira. Ankangofika pafupi n'kunena motsitsa, "Usathamange, mwanawe. Palibe akukuthamangitsa. Mvera mapazi a anzako." Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Ndinkaonerera ndili pamchenga, ndipo ndinaona ndi maso anga tsiku limene mapewa ake anatsika. Anasiya kuyang'ana kunjira, n'kuyamba kuyang'ana miyendo ya ovina. Kwa zaka 7 kuyenda pamzere kunali kwa iye ulendo wa usiku, katundu pamutu, mfuti kumsana. Tsopano anthu makumi awiri ankaponda pamene iye wamenya, iyenso n'kumenya pamene iwo aponda, osadziwikanso kuti akutsogolera ndani.

Nyimbo za kwathu zili ndi mbali ziwiri. Pali woyambitsa ndipo pali ovomera. Woyambitsa amaponya mzere n'kusiya mpata, ndipo mpata umenewo si wake, ngwa anzake. Akapanda kuvomera, nyimboyo imangolendewera ngati ukonde wokokedwa mbali imodzi. Asodzi pokoka khoka amaimba chotero, amayi pamtondo chotero, pamaliro chotero, m'kwaya chotero. Mwana wa kunyanja amakula akudziwa kuti mpata wa m'nyimbo susiyidwa wopanda munthu.

Mayi anga aang'ono ankaudziwa mwambo umenewu, ndipo ndiwo anaugwiritsa ntchito. Madzulo aliwonse ankabwera ndi munsi wawo kudzasinja makaka limodzi ndi amayi, minsi iwiri mumtondo umodzi. Kusinja kotere kumafuna kukhulupirirana, chifukwa wina akaphonya nthawi minsi imawombana. Akamasinja ankayambitsa nyimbo ya pamtondo imene ankaimba ali atsikana, n'kusiya mpata uja. Amayi osavomera. Mayi aang'ono sankadzaza mpatawo okha, sankafunsanso kuti bwanji simukuimba. Ankaulola kuti udutse uli wopanda kanthu, minsi yokha ikugunda, kenako n'kuponyanso mzere. Anachita zimenezi milungu yambiri.

Tsiku limene zinachitika, ine ndinkasoka ukonde pakhonde. Kugombe mganda unali pokonzekera, ng'oma ya msuweni wanga ikumveka bwinobwino, ndipo minsi iwiri ija inalowa yokha m'kugunda kwa ng'omayo. Mayi aang'ono anaponya mzere. Mumpata muja munatuluka mawu, osasa, othyokathyoka, ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsegulidwa. Amayi anadzidzimuka ndi mawu awo omwe, anaimitsa munsi, misozi n'kuyamba kutsika. Mayi aang'ono nawonso misozi ili mbwembwembwe, koma sanaime. "Achemwali, tiyeni, makaka sanaphwanyike." Anaponyanso mzere. Amayi anavomera. Ine ndinaweramira paukonde kuti asaone nkhope yanga.

Patapita miyezi iwiri amayi a m'mudzi anakonza chiwoda, ndipo ng'oma anapempha msuweni wanga. Amayi ndiwo anayambitsa nyimbo. Woyambitsa chiwoda ndi woimba ng'oma sangagwire ntchito osayang'anana, chifukwa diso ndi limene limauza ng'oma kuti apa sintha, apa dula. Amayi anadzutsa nkhope n'kumuyang'ana mnyamata uja m'maso koyamba chibwerereni. Iye anagwedeza mutu, ng'oma n'kusintha. Usiku umenewo anandipatsa mbale ya kondowole ndi usipa wootcha. "Kampatse mbale wako, wagwira ntchito." Mawu akuti ndakhululuka sanatuluke, ndipo sindikhulupirira kuti ankafunika.

Ndakhala ndikulingalira kwa zaka zambiri kuti n'chiyani chinachitika pamtondo paja ndi pabwalo paja. Munthu wovulala mumtima amakhala m'nthawi yakeyake. Kwa amayi unali udakali usiku wa m'bwato, kwa msuweni wanga linali lidakali tchire. Ukamufunsa munthu wotero kuti tafotokoza, umamubwezera komweko ali yekha, ndipo ambiri sangathe. Nyimbo yoimba pamodzi simufunsa kanthu. Imangomupempha kuti apume pamene anzake akupuma, aponde pamene anzake akuponda, ndipo potero imamukokera m'nthawi imene enafe tilimo. Mu 2013 ofufuza a ku yunivesite ya Gothenburg ku Sweden, motsogozedwa ndi Björn Vickhoff, anapeza kuti anthu akamaimba limodzi m'kwaya kugunda kwa mitima yawo kumayamba kukwera ndi kutsika pamodzi, chifukwa akupuma mofanana. Kingi wathu anali asanaonepo makina oyezera mtima, koma ndi zomwezo ankatanthauza pouza mnyamata uja kuti amvere mapazi a anzake.

Chinanso n'chakuti m'gulu loimba muli malo a munthu amene sanakonzeke. Ukhoza kungowomba m'manja. Ukhoza kungoima pamzere wakumbuyo milomo ikugwedera. Mawu akakuthera pakati, nyimbo sigwa, anzako amainyamula mpaka ubwerere. Koma gululo limakufunanso. Msuweni wanga anali atazolowera kuopedwa, ndipo ena ankamumvera chisoni, koma panalibe amene ankamufuna. Tsiku limene anachedwa kubwalo, amuna makumi awiri ovala zoyera anakhala pansi kumudikira, chifukwa popanda iye mganda sukanayamba. Ndikhulupirira kuti kudikiridwa kumeneko kunamuchiza kuposa mankhwala aja anamusambitsa nawo.

Zimene mudzi wathu unachita ndi ng'oma, ena m'dziko muno anazichita m'njira zawo. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, pamodzi ndi bungwe la mipingo yachikhristu m'Mozambique, anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Amisiri anadula mfutizo n'kuumba nazo zinthu zoonetsa, ndipo mtengo umene anaupanga ndi zidutswa za mfuti unakaimikidwa ku British Museum ku London mu 2005. Ku Lichinga, likulu la chigawo chathu, Feliciano dos Santos ndi anzake anayambitsa gulu loimba la Massukos nkhondo itangotha, n'kumaimba m'Chiyao, m'Chinyanja ndi m'Chimakua nyimbo zophunzitsa za madzi abwino, ukhondo ndi Edzi, mpaka iye analandira mphoto ya Goldman mu 2008. Kwathu konkuno, bungwe la Manda Wilderness linayamba kusonkhanitsa makwaya a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi ya kumapiri kuti adzapikisane pa Kobwe. Ndinaona anthu akufika ena pabwato, ena atayenda pansi tsiku lathunthu m'njira zomwe zija kale munkatsikira imfa, mayunifolomu a kwaya atawapinda bwino m'kathumba kuti asade.

Sindikufuna kuti wina amve ngati ng'oma imachotsa zonse. Bambo sanabwerere. Msuweni wanga anakwatira, ali ndi ana ndi adzukulu, koma mpaka lero pali mausiku amene mkazi wake amamupeza atakhala panja thukuta lili kamukamu. Alipo anzake amene ng'oma sinawafike, mowa ndi umene unawapeza. Anthu otere amafunikanso achipatala odziwa matenda a maganizo, ndipo m'midzi yathu, kutali ndi Metangula ndi Lichinga, thandizo lotero ndi losowa. Nyimbo siilowa m'malo mwa chilungamo, siilowa m'malo mwa chipatala. Chimene imachita ndi kumusunga munthu pakati pa anzake kufikira tsiku limene angathe kulankhula, ndipo ngati tsikulo silifika, imamusungabe.

Ndikulemba izi chifukwa mfuti siinatheretu m'dziko lathu. Chiyambire 2017 nkhondo ya ku Cabo Delgado yasamutsa anthu oposa 1 miliyoni, ndipo ena a iwo anafika kuno ku Niassa. Pakati pawo pali amayi amene anatseka ana awo pakamwa m'tchire, ndi anyamata amene tsiku lina adzabwerera ali ndi manja onjenjemera. Adzafuna chimanga, malata ndi mankhwala, ndipo ayenera kupatsidwa. Koma pamudzi pamene afikire padzafunikenso munthu wonga mayi anga aang'ono, wobwera ndi munsi wake madzulo aliwonse, woponya mzere n'kusiya mpata, osatopa ndi kusayankhidwa.

Amayi anamwalira zaka zingapo zapitazo, ali okalamba, panyumba pawo, nyanja ikuoneka pakhomo. Maliro n'kulirana, ndipo anthu anabwera kuchokera ku Mbueca, ku Ngofi, ena anawoloka kuchokera pa Likoma. Tinachezera usiku wonse, amayi m'nyumba ndi pakhonde, abambo pamoto. Pakati pa usiku mayi aang'ono, tsopano oyenda ndi ndodo, anatuma mwana kudzandiitana. "Mwanangu, yambitsa ija ankaikonda amako." Ndinaimirira n'kuponya mzere woyamba. Pa wachiwiri kummero kunatseka, mawu anakana, ndinangoima manja ali lende pamaso pa mudzi wonse.

Amayi a pakhonde sanadikire kuti ndimalize. Analowa msanga n'kuvomera, anabwerezanso, anabwereza kachitatu, osafulumira. Kenako kumoto kuja kunachokera mawu amodzi aakulu, okhuthala, oyenda pansi pa mawu a amayiwo ngati ng'oma. Ndinawadziwa osacheuka. Anali a msuweni wanga, akundigwirira nyimbo ya amayi anga kuti isagwe. Ndinakoka mpweya pamene iwo anakoka, ndipo mpata utafikanso, ndinalowa.